Tsiku lomwe munamenyera Esinati kukhoti

Amayi, patha chaka chitisiyireni. Lero Esinati, mwana wamasiye yemwe munamutenga n'kumulera, waika chithunzi chanu pano n'kulemba kuti "mayi anga". Mtima wandiwawa ngati kale.

Ndakumbuka tsiku lomwe munajomba kothyola tiyi, tonse atatu n'kukwera minibasi pa Makwasa kupita kukhoti. Amalume ake ankafuna kumutenga kuti akamukwatitse ali Sitandade 7. Loya womuyimira atakufunsani ngati mupitirize kumusunga, munamugwira dzanja n'kunena kuti, "Bwana, ameneyu ndi wanga, ndipo aphunzira." Ine ndinali pabenchi yakumbuyo, nditakunyamulirani juzi. Simunacheuke n'komwe.

Ndikudziwa munkandikonda, Amayi. Koma ine munangondibereka, pomwe Esinati munachita kumumenyera nkhondo anthu akuona. Nsanjeyi sinathebe, ndipo woti ndimudandaulire munali inu nomwe.