Wilo, pampu ndi makumba a bambo

Ku koleji ndinakhalako chaka chimodzi ndi theka, nthawi yokwanira kuti munthu adziwe mayina a zinthu koma osadziwa kuzikonza. Nditabwerera ku Domasi ndi sutikesi yanga, bambo sanafunse chilichonse. Anangoyamba kunditchula kuti ainjiniya.

Bambo anali ndi damu la nsomba za makumba kuseri kwa nyumba. Analikumba okha atapuma ntchito yauphunzitsi, ndipo m'mawa uliwonse ankawaza madeya n'kuima chilili ngati akuitana mayina m'kalasi. Chaka cha chilala chachikulu chija, madzi a m'khwawa anatsika mpaka analeka kulowa m'ngalande yopita kudamu. Damu linayamba kuphwa. Nsomba zinkabwera pamwamba kukamwa kuli yasa.

"Ainjiniya, pali chomwe munaphunzira chokhudza zimenezi?"

Ndinati chilipo. Silinali bodza lonse.

Ndinakhoma wilo la matabwa ndi zitini n'kuliika pomwe madzi ankagwera pamwala. Lamba wa chubu ankazunguza kamota ka galimoto yakufa komwe ndinakapempha ku Naisi, kamotako n'kutulutsa magetsi, magetsi n'kuyendetsa kapampu, kapampu n'kukweza madzi kupita kudamu. Papepala zinali zokongola zedi.

Tsiku loyesa, bambo anavala jekete. Wilo linazungulira, pampu inalira, paipi inalavula madzi. Bambo anavula chipewa. Kenako wilo linayamba kufooka, mpaka zii.

Paipi yotungira ndinali nditaiviika kumtunda kwa wilo. Pampu ikamwa, wilo linkasowa madzi. Wilo likaima, pampu inkasowa magetsi. Madzi akadzazanso, zonse zinkadzuka, kulavula makapu awiri, n'kukomokanso. Ndinali nditapanga makina odwala mphumu.

"Nanga osatunga kumunsi kwa wilo bwanji?" anafunsa bambo modekha.

"Zimenezo, bambo, amaphunzitsa chaka chachitatu."

Sanaseke. Ndinasamutsa paipi, koma kuchokera kumunsiko chitunda chinakula, kapampu kankangong'ung'udza madzi osafika. Masabata awiri ndinakhalira kusintha malamba, ndikuwauza kuti adikire pang'ono. Anadikiradi. Ndowa sanaigwire, kuopa kundichititsa manyazi pamaso pa anthu odutsa popita ku Mishoni, omwe bambowo anali atawauza kale kuti mwana wawo akubweretsa chitukuko. Pomwe tinkayamba kutunga ndi ndowa, tonse awiri, m'damu munali mutasanduka phala.

Lamlungu lina tinapeza nsomba zitayandama, mimba zoyera zili m'mwamba. Bambo sanapite kutchalitchi. Analowa m'matope ndi thalauza lawo labwino, kutola imodziimodzi. Tinaziyanika pa lata, ndipo fungo linakhala pakhomo mpaka mvula itagwa.

Wilo linatsala m'khwawa, likuzungulira bwinobwino tsopano poti linalibe ntchito. Kuyambira Lamlungu lija bambo anasiya zoti ainjiniya. Anabwerera ku dzina langa lenileni, lomwe anandipatsa okha, ndipo ankalitchula mwaulemu kwambiri, ngati mmene munthu amatchulira dzina la wodwala.