Mbira za Alamu Anga

Achimwene anayamba kukodza magazi chaka chimene anatipatsa nyumba ku malaini a pa esiteti. Poyamba tinati ndi likodzo, pakuti Alomwe ambiri amene tinachokera nawo kutsidya kwa malire anali nalo. Koma mankhwala a likodzo sanagwire. Kenaka kumaliseche kunatupa mbali imodzi, kuyamba kutuluka mafinya, ndipo dengu la tiyi linawakanika kunyamula.

Apo mawu anasintha. Abale anati ndi chinzonono, ndipo popeza achimwene anali munthu wa tchalitchi, ndiye kuti anabweretsa ndi akazi awo, alamu anga. Ankhoswe anagwirizana zoti ukwati uthe, alamuwo abwerere kwawo ku Khwethemule. Ine ndinakhala mbali ya abale anga pa bwalo limenelo.

Alamu sanalire. Anangopempha kuti mlandu udikire kaye. Anapeza amuna onyamula machila, natengera achimwene ku chipatala cha mishoni. Dokotala anayang'ana mkodzo pa galasi lake, sanapeze likodzo kapena chinzonono. Anati akukayikira chifuwa chachikulu chimene chatsikira ku impso, koma kuti atsimikize pafunika mbira yoibaya jakisoni wa mkodzowo, ndipo zake zinali zitatha.

Alamu ankaweta mbira kukhitchini, kuseri kwa nkhuni. Anabwerera wapansi, nasankha ziwiri zonenepa, kuziika m'dengu lomwe ankathyolera tiyi. Amayi a pa laini anawaseka panjira.

"Kodi mbirazo ndiye ankhoswe anu atsopano, anzathu?"

"Eya," anayankha alamu. "Izi sizimva za m'maluwa."

Dokotala atazibaya mbirazo, kudikira kunali kwa masabata ambiri. Masana alamu ankathyola tiyi pamaso pa kapitawo, anthu osawayankhulitsa. Lamulungu ankapita ku chipatala ndi mazira ndi mtolo wa udzu, kudyetsa odwala onse atatu: amuna awo ndi mbira ziwiri zija. Achimwene anali atawagoneka pakhonde kuti aziwothera dzuwa ndi kumwa mkaka, pakuti mankhwala a nthendayi kunalibe masiku amenewo.

Mbira imodzi inawonda. Ataing'amba, dokotala anapeza timibulu ta chifuwa chachikulu m'kati, naitana ankhoswe kuti adzaone okha. Amalume, mmodzi wa ankhoswewo, anatsutsa kuti chifuwa chanji chopanda kutsokomola. Dokotala anawauza kuti kachilombo ka nthendayi kamayenda ndi magazi, ndipo sikachokera kwa mkazi. Amalume anayang'ana kanyamako nthawi yaitali, kenaka anavula chipewa.

Achimwene anawachita opaleshoni, kuchotsa mbali yotupayo. Sanachire kwenikweni, koma anakhala zaka zingapo, kapitawo atawapatsa ntchito yopepuka ku nazale ya mbande. Ukwati sunathe. Alamu sanatchulepo za bwalo lija, ngakhale kwa ine, ndipo ankandiikirabe ndiwo monga kale.

Mbira inayo anabwera nayo kunyumba. Sanalole kuti munthu aiphe, mpaka inafa yokha ndi ukalamba.