Zulani ndi nthambo zimene ndinawongola

Mumsewu mwathu palibe amene amamuitana ndi dzina lake lenileni. Tonse timangoti Zulani, chifukwa akalowa m'nyumba imene magetsi akuvuta, asanapereke n'komwe moni, amayamba ndi mawu akuti, "Zulani zonse." Ndi mayi wamfupi, wa ana atatu, ndipo zitsulo zake amanyamulira m'chikwama chimene kale ankaikamo matewera. Ntchitoyi anayamba kuiba ndi maso kwa bambo ake, amene ankakonza mawailesi pakhonde la sitolo ya nsalu. Kenako anakaiphunzira kusukulu ya ntchito zamanja, ali mkazi yekha pakati pa amuna makumi awiri.

Ine ndinali naye chifukwa. Zaka makumi atatu zapitazo, ndikuphunzitsa masamu, kamtsikana kameneka kanakweza mkono n'kunena kuti yankho langa pabolodi linali lolakwika, mphunzitsi wamkulu ali khale kumbuyo. Linalidi lolakwika, koma nkhani si imeneyo. Ndinalumbira kuti pakhomo panga sadzapondapo.

Akazi anga amaweta nsomba zisanu ndi zinayi m'thanki yagalasi pabalaza, zosadyedwa, zongoyang'ana. Mwana wathu atachira, iwo ananyamuka kukathandiza kulera khanda, ndipo potuluka anandiloza chala.

"Mapoto mupsereze onse, palibe kanthu. Koma nsombazi ndidzazipeze zisanu ndi zinayi."

Kuseri kwa thankiyo kumatuluka nthambo zitatu: ya getsi, ya chotenthetsera madzi, ndi ya kapampu kozunguza madzi kuti nsomba zipeze mpweya. Zaka zinayi nthambozi zinkalendewera ngati matumbo a mbuzi, iliyonse kutsika mpaka pafupi ndi simenti kenako n'kukwera kupita pasoketi. Ndinkadandaula, osandimvera. Tsono atangochoka ndinaziwongola zonse, kuzimanga ndi ulusi, mzere umodzi wotsetsereka bwino kuchokera pamlomo wa thanki mpaka pasoketi. Ndinadziyamikira ndekha.

M'mawa wa tsiku lachitatu ndinamva kuti thapu! Soketi imeneyo ndi ya mabatani awiri, yodzithimitsa yokha ikaona chovuta. Ndinadina batani, kapampu kanalira pang'ono, thapu. Pofika masana inakaniratu, ndipo nsomba zonse zinali pamwamba pa madzi, kukamwa yasa.

Amagetsi ena awiri ndimawadziwa. Wina sanandibwezere makwerero anga, wina anandiseka pamsonkhano wa makolo. Nditayeza milandu yonse, wa Zulani unali wakale kwambiri, choncho ndinamuimbira.

Anandipeza nditagwada, ndikukoka nthambo yaitali kuti ndilumikize zonse kusoketi wamba ya m'khonde.

"Zulani zonse, aphunzitsi. Ndipo iyo muisiye pomwepo. Mwaswera bwanji?"

"Soketi yanuyi ndi yabodza," ndinatero. "Ya m'khonde sinandivutepo."

"Ya m'khonde ndi yaulemu, siyankha akulu. Mukanapisa dzanja m'madzimo ikanangokuonererani mukuvina. Iyi ikamva kuti magetsi akuthawira kumene sayenera, imadula. Ikukweza mkono basi."

Ndinamva bwino lomwe chimene amatanthauza, koma chifukwa cha nsomba ndinaisiya nthambo ija.

Anandipatsa kapu. "Muzitunga madziwo n'kumawathira kuchokera m'mwamba, azichita thovu. Musaleke mpaka nditanena."

Ine, munthu amene ndinaphunzitsa anthu oti lero ndi madokotala, ndinaima pabalaza panga ndikuthirira nsomba ngati mbewu.

Iye anathimitsa magetsi a nyumba yonse, anatsegula soketi, anaiunika ndi tochi, anaipukuta n'kuibwezera. Atayatsanso anadina batani loyesera, thapu, anadina linzake, inadzuka. Kenako anandiuza kuti nditalikire madzi, n'kuyamba kulowetsa mapulagi limodzi limodzi, monga amachitira nyumba iliyonse, ngakhale mwini wake alumbire kuti akudziwa kale chovuta. Getsi linayaka. Anadikira. Chotenthetsera chinayaka. Anadikiranso, akuimba kanyimbo chapansipansi. Atangolowetsa la kapampu, thapu!

Analizula, analinunkhiza, analigwedeza pachikhatho. Panagwa dontho. Anayendetsa chala m'nthambo kuchokera papulagi mpaka pamlomo wa thanki, chala chinanyowa.

"Ulusi wokongolawu anamanga ndani?"

"Dongosolo si tchimo," ndinayankha.

"Ayi ndithu, mzerewu ndi wa khumi pa khumi. Koma kapampu kamathovutsa madzi, timadontho timagwera panthambo. Mayi anaisiya yolendewera dala, kuti dontho likatsika lifike pokhota paja n'kugwera pansi. Madzi sakwera phiri, aphunzitsi. Inu mwawapalira msewu wolunjika kupulagi."

Anadula ulusi wanga wonse, anachotsa pulagi lonyowalo n'kuika lina louma la m'chikwama cha matewera chija. Nthambo zinabwerera kulendewera kwake konyansa. Kapampu kanalira, madzi anayamba kuzungulira, ndipo tinakhala pampando tikuyang'ana nsomba zikutsika imodzi imodzi. Yakuda ya maso otuluka inachedwa, koma nayonso inapukusa mchira n'kutsatira zinzake.

"Ziwerengeni," anatero Zulani.

"Zisanu ndi zinayi."

Anawerenganso yekha ndi chala, pang'onopang'ono, kenako anagwedeza mutu. "Lero mwakhoza."

Akazi anga atabwera anayamba awerenga nsomba asanandifunse za moyo wanga. Anasuzumira kuseri kwa thanki, anaona pulagi lachilendo, anandiyang'ana osadabwa n'komwe. Ndiye kuti Zulani anawauza kale pafoni. Umenewo ndi mlandu wake wachiwiri, ndipo ndausunga. Koma switchi ya kubafa ikuvuta, ndipo ndamuuza abwere Lachisanu.