Ufa wakuda ndi zilembo zikuluzikulu

Pulinta inalowa m'nyumba mwathu ku Petauke ine ndili kale ndi imvi. Anatitumizila ndi mwana wathu wamkazi wa ku Lusaka, kunchito kwawo atagula yatsopano. Ine ndinadziwa kuwelenga ndili ndi ana kale, m'kalasi la akuluakulu kuchalichi, choncho kukhala ndi makina otulutsa zilembo m'chipinda changa sindinakuzolowele msanga.

Makinawo salemba ndi inki yamadzi. M'mimba mwake muli kabokosi kotchedwa katiliji, ndipo m'kabokosimo muli ufa wakuda wosalala kuposa mwaye. Ufawo ukatha ambili amagula katiliji ina, koma kwathu siipezeka wamba. Ndinakhala masiku angapo pashopu ya fotokope kuboma, kuyang'ana mmene mwini wake amamasulila tizitsulo, kuchotsa chotsekela cha m'mbali ndi kuthila ufa. Ndinagula botolo langa la ufawo, ndipo ulendo woyamba zinayenda.

Mlongo wanga amakhala ku Nyalugwe, m'boma la Nyimba. Pamene ine ndinapita ku Sasare kukafuna golide ndili mnyamata, iye anatsala ndi amai odwala ndi munda wonse, ndipo sukulu sanaione. Nkhaniyo sitiikamba, koma ine ndimayenda nayo. Atakalamba analowa nayenso kalasi la akuluakulu. Chaka china, nyengo ya mvula, anandiimbila foni kuti abusa amupempha kuti adzawelenge mau a Mulungu pa ubatizo wa mdzukulu wake. Zilembo za m'Baibulo lake zinali zazing'ono kwa maso ake, ndipo anafuna kukana. Ndinamuuza kuti asakane, ndidzamubweletsela ndimeyo m'zilembo zazikulu ngati nyemba.

Lachisanu ndinatayipa ndimeyo ndi chala chimodzi. Pepala linatuluka lotuwa, mau ena osaoneka. Nditatsegula katiliji ndinapeza ufa wagwila chinyontho, waumbana timibulu. Ndinaisiya patebulo ili yotsegula, n'kupita kumalilo m'mudzi wapafupi.

Pobwela ndinapeza dzuwa lawala, ndipo pamphasa pabwalo panali mfutso, nyemba zonyowa, ndi katiliji yanga pakati pake. Akazi anga anaona kuti yanyowa, ndipo kwathu chonyowa chilichonse chimayanikidwa. Tsono m'katiliji muli kampope kobiliwila konyezimila, kamene amati dilamu, ndipo kameneko sikafuna kuwala konse. Kanakhala padzuwa kuyambila m'mawa.

Ndinayesabe kusindikiza. Pepala linatuluka ngati lapukutila poto.

“Amai, mwaniphela makina,” ndinatelo.

“Ine naumitsa, bambo. Imwe munafuna ziwole monga chimanga chanu cha chaka chatha?”

Za chimangacho ananena zoona. Ndinakhala pakhonde ndikuona m'maganizo mlongo wanga ataimilila patsogolo pa mpingo, Baibulo lili pamphuno, anthu akutsokomola. Basi ya ku Nyimba inali ya Loweluka m'mawa.

Kenako ndinakumbukila katiliji ina yakale imene inabwela pamodzi ndi makinawo, yothyoka chotsekela. Akazi anga anafuna kuitaya kangapo, ine n'kuibisa kuseli kwa wadilopu m'pepala lakuda. Dilamu yake inali isanaonepo dzuwa.

Tinatseka mawindo, n'kupachika chitenje pachitseko. Ndinamasula tizitsulo n'kumatiika m'sosala kuti tisasowe. Dilamu yopselela ndinaichotsa, ina ija ndinaigwila m'mphepete mokha ngati dzila, n'kuilowetsa. Ndinakhuthulanso ufa wakale umene umasonkhana m'kachipinda ka kumbuyo. Panatsala timibulu tija. Ndinayamba kutiphwanya ndi supuni, ufa n'kumauluka. Akazi anga anandikankha pang'ono ndi chigongono, anamanga mpango pamphuno, natenga sefa ya tiyi.

“Sendelani uko. Ufa simunasefepo chibadwile.”

Anasefa pang'onopang'ono, akugogoda sefayo ndi chala, ndipo ufa unagwa wosalala papepala loyela. Ine ndinapinda pepala lina ngati fanelo n'kuuthila m'katiliji, ndinatseka, ndinaigwedeza cham'mbali monga ndinaonela kushopu. Anafuna kusamba m'manja ndi madzi otentha, ndinawaletsa, chifukwa ufawo ukamva kutentha umamatilila. Anati makina anga ali ndi miyambo yambili kuposa chinamwali.

Pepala loyamba linatuluka ndi mzele umodzi m'mbali. Pepala lachiwili linatuluka loyela, zilembo zakuda bii, lili lofunda m'manja. Ndinapita nalo kumapeto kwa chipinda, akazi anga ali pachitseko, ndipo anawelenga mzele woyamba ali komweko. Ndinasindikiza ena owonjezela, poti mvula ya ku Nyimba sindiikhulupilila.

Loweluka madzulo ndinafika ku Nyalugwe, mapepala ali m'pulasitiki mkati mwa jekete. Mlongo wanga anawatambasula pamwendo, nayendetsa chala pansi pa mau. Anaona zikhadabo zanga zakuda nafunsa ngati ndayamba kuwotcha makala. Ndinamufotokozela za mphasa ndi sefa, ndipo anaseka mpaka kupukuta misozi.

Lamulungu anaimilila ndi duku loyela. Anatambasula pepala lake. Anawelenga mosathamanga, mau ake akufika mpaka kubenchi yakumbuyo kumene ndinakhala, ndipo sanaphonye liwu ngakhale limodzi. Atamaliza, amai a chigwilizano analiza nthungululu mpaka abusa anadikila kuti zithe.

Panja anandigwila dzanja lakuda lija osalisiya.

“Alongo, Khisimasi aniuza kuti niwelengenso. Ufa ulipo?”

Ndinamuuza kuti botolo likali pakati, ndipo wosefa ndili naye kunyumba.