Fumbi la tiyi mu rediyeta

Nkhaniyi sindinauzepo munthu, ngakhale akazi anga. Kulemba ndinakuphunzira mochedwa, kusukulu ya kwacha, ndiye mupirire nane.

Ndinathyola tiyi zaka zambiri mpaka bondo linakana. A Muhiwa, kapitawo wathu, ndiwo anakandipemphera malo kugalaja ya esiteti, poti ndinkakonza njinga. Anandilemba mongoyesa. Pali zina ndinachita ndili mnyamata ku Thekerani zimene sindilemba pano, koma zinandisiya ndi mantha pogwira chinthu cha mwini.

M'galajamo munali galimoto yakale yobiriwira imene mzungu wina anaisiya. Esiteti inkabwereketsa galimotoyo pa maukwati a antchito. Tsiku lina Lachisanu, mawa lake uli ukwati wa mwana wa a Muhiwa ku Makwasa, tinapeza chithaphwi pansi pa injini. Makaniko wamkulu anali kumaliro ku Goliati. Tinatsala ine ndi dalaivala, a Duwa.

"Musavutike, achimwene," anatero a Duwa. "Kafumbi ka tiyi dzanja limodzi mu rediyeta, dzenje latsekeka. Timatero ife."

"Mwathiramo kangati?"

"Aaa, inu ndi apolisi?"

Ndinadikira injini izizire, ndinapukuta paliponse, kenako ndinailiza. Rediyeta, thanki yoziziritsa madzi a injini, sinali yobooka. Madzi ankatsika kuchokera pa pampu, pamene imakumana ndi injini. Nditamasula kilampu ya paipi ya pansi, munatuluka phala lakuda lonunkha fakitale. Fumbi lija linali litatseka tinjira ta rediyeta, madzi n'kusowa kopita, n'kuphulitsa gasiketi, kachipepala kolimba kotseka mpata pakati pa pampu ndi injini.

A Muhiwa anafika ndili pakati pa ntchito, fani belti ili pansi, pampu ili m'manja. Anayang'ana zidazo nthawi yaitali.

"Mwana wanga akwera thirakitala mawa?"

Ndinaika pampu pansi, n'kuyamba kupala gasiketi yophulikayo.

Gasiketi ya galimoto yotero siipezeka m'sitolo. Ndinatenga chikatoni cholimba, ndinachigoneka pa pampu, n'kumagogoda pang'onopang'ono m'mphepete ndi kahamala mpaka chinadulika chokha motsata mabowo. Ndinapaka girisi mbali zonse. Rediyeta ndinaitsuka ndi paipi ya madzi kuyambira pansi, mpaka otuluka anayera. Mabawuti ndinamanga mopingasa, pang'ono uku pang'ono uko, kuti pampu ikhale mofanana.

Galimotoyo tinakwera nayo chitunda cha kufakitale, a Duwa akuyendetsa, ine maso pa singano ya kutentha. Inafika pakati, n'kuima pomwepo. Titabwerera ndinagona pansi pake ndi kuyembekeza dontho. Silinabwere. Ndinakhalabe chigonere, chifukwa sindinafune kuti aone nkhope yanga.

Kuyambira tsiku limenelo sinditseka podontha ndisanaone pamene madzi akuchokera.

M'mawa mwake ndinavala jekete, ndinadzaza chigubu cha madzi, ndinakwera nacho lole ya anthu a kwaya imene inkatsata mkwatibwi. Amayi ankaimba, ine ndikuyang'ana msewu kumbuyo kwa galimoto yobiriwira ija. Unali wouma mpaka ku Makwasa.