Mano a Jailos a ku Joni

Jailos anabwerera ku Nkando kuchokera ku migodi ya ku Joni mu 1987 wopanda njinga, wopanda wayilesi, koma ali ndi mano atatu atsopano. Mwala unamuphwanya pakamwa mumgodi, ndipo dokotala wina amene ankayesa njira yatsopano anamukhomera tizitsulo m'nsagwada n'kuikapo mano oyera mbee.

Tsoka lake linali pakamwa pomwepo: sankadziwa kukhala chete. Pamsika, pomwe ankagulitsa nzimbe, ankazisenda ndi manowo kuti ogula aone.

"Ichi ndi taitaniyamu, abale anga, chitsulo chopangira ndege," ankatero. "Sichichita dzimbiri, chimagwirana ndi fupa. Ine ndidzaola, chokhachi chidzatsala."

Anthu ankaseka n'kumagula. Amene sankaseka anali mlamu wake Pilato, yemwe nzimbe zake zinkangofota pambali. Masiku amenewo nkhondo inali itavuta ku Mozambique, ndipo munthu ankaopa ngakhale m'bale wake. Pilato anakanong'oneza anyamata a chipani kuti chitsulo cha ndegecho ndi wayilesi yolankhulira ndi zigawenga za kutsidya.

Anyamatawo anabwera masanasana, tsiku la msika.

"Yasamulani, bambo," anatero wamkulu wawo.

"Si wayilesi, mabwana. Ndi mano basi, ndimadyera."

"Ngati ndi mano, azuka ngati mano."

Anamukokera kuseri kwa golosale, n'kubwereka pulayazi kwa wokonza njinga. Apa m'pamene zinaoneka kuti Jailos sankanama. Dzino la munthu limagwedera n'kuzuka, koma awa anakana. Anakoka, anapotokola, mpaka chimene chinagonja ndi fupa. Msika wonse unkamva kubuula kwake, koma aliyense maso anali pa tomato wake.

Anyamatawo anapukuta tizitsuloto pa udzu, n'kumalandirana kuika kukhutu. Sanamve kanthu. Anatitaya m'ngalande, namuuza kuti wapulumuka, azithokoza.

Nsagwada inapola mokhota. Jailos, munthu wa nthabwala uja, anasanduka wa phala ndi nthochi zofinya, ndipo mawu ake ankamveka kwa mkazi wake Estele yekha. Zinali zamanyazi, koma palibe anapepesa. Nzimbe sanasiye kulima, poti ana ankafuna kudya.

Pilato naye sanasiye kubwera. Tsiku lililonse la msika ankapereka moni waulemu, n'kusankha nzimbe yonenepa pa mtolo wa Jailos, poti mlamu sagula. Kenako ankakhala pansi pafupi ndi Jailos, n'kuyamba kusenda ndi mano.