Benchi la Kumbuyo la a Fanwell

A Fanwell Chinkondenji anafika ku Nkhudzi mu 1974 ndi mkazi wawo, mwana mmodzi, sutikesi yachitsulo, ndi mawu oti akayambitsa nyimbo asodzi ankaimika ntchito n'kutembenuka. Anali mphunzitsi wa Sitandade 5, kwawo ku Ntcheu. Mudziwo unali wa Asilamu, ndipo Akhristu, ukawerenga ndi makanda omwe, sankakwana makumi atatu. Tchalitchi chawo chinali chaudzu, belu lake chitsulo cha gudumu la lole chopachikidwa pamtengo wa bwemba. Abusa ankabwera kawiri pachaka kudzabatiza ndi kudzadyetsa Mgonero, choncho chaka chisanathe a Fanwell anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo. Kulalikira anali iwo, kuimba belu iwo, maliro iwo.

Mu 1978 mwana wawo yekhayo, Lonely, anamwalira ndi chikuku. Munthu amene anatonthoza anamfedwa ambiri analephera kudzitonthoza yekha. Anayamba kachasu, mobisa poyamba, koma fungo silisunga chinsinsi. Kenaka a Macloud, msilikali wopuma wa mumpingomo, anatsikira kulichete, ndipo mkazi wa malemuwo, a Janeth, anapempha a Fanwell kuti alalikire pamanda. Anabwera atamwa. Anatsegula Baibulo chadodolido, lilime likukokeka, naterereka padothi la manda n'kugwa chagada. Asilamu amene anabwera kudzaperekeza mnansi wawo anangoweramitsa mitu. Zinali zochititsa manyazi, ndipo a Janeth analira maliro awiri tsiku limodzi.

Abusa atabwera anawadula mumpingo. Wodulidwa salalikira, sadya Mgonero, amakhala pabenchi la kumbuyo, ndipo amabwerera m'kalasi ya katekisima kufikira mpingo utakhutira. M'kalasimo munali ana omwe a Fanwell ankawaphunzitsa masamu kusukulu. Anati bola kukhala pakhomo. Miyezi isanu ndi iwiri sanaponde kutchalitchi, ndipo belu nalo linangoti zii, anthu n'kumabwera poyang'ana dzuwa.

Tsiku lina mnansi wawo, msodzi wachisilamu dzina lake che Atumani, anawaitana akusoka ukonde pakhonde.

"Aphunzitsi, chitsulo chanu chija chadwala?"

"Anandidula, che Atumani. Ndikatani kumeneko?"

"Ndinamva, ndipo pamanda paja ndinalipo. Koma inetu ndinaika ana awiri. Lachisanu lotsatira, tsiku la Ijumaa, ndinapita kumzikiti ndikulira ngati khanda. Wallahi, pakhomo palibe mankhwala. Bwato likakugubuduza, usiya nyanja?"

 Lamulungu lotsatira belu linalira, ndipo anthu polowa anapeza a Fanwell atakhala kale kumbuyo, chipewa pabondo. Lachitatu madzulo anakhala pansi pakati pa ana m'kalasi ya katekisima, akuyankha mafunso omwe kale ankafunsa ndi iwo. Mwezi woyamba ana ankatsinana n'kumasekera m'malaya, kenaka anatopa nazo.

Ndisakunamizeni kuti anasiya kachasu tsiku lomwelo. Anagwanso kawiri, mudzi wonse n'kudziwa. Komabe Lamulungu lake belu linkalira, iwo maso ali psuu, manyazi ali tho. Abusa anabwera nati nthawi sinakwane. Anabweranso, mawu omwewo. Anzawo akamadya Mgonero, a Fanwell ankayang'ana pansi, mtima ukuwawa, chifukwa chimene ankachifuna padziko lonse chinali kachidutswa kabuledi kameneko. A Janeth zaka zonsezi sanawapatse moni ngakhale kamodzi.

Mu 1981, a Fanwell atatha chaka chathunthu osalawa dontho, abusa anaima kutsogolo m'mawa wa Mgonero nafunsa ngati alipo wotsutsa kuti abwezeretsedwe. Palibe anatembenuza khosi, koma aliyense ankadziwa amene akudikiridwa. A Janeth anaimirira pang'onopang'ono, atagwira benchi.

"Abusa, mwamuna wanga anaikidwa mopanda ulemu. Zimenezo sindidzaiwala, ndisaname m'nyumba ya Mulungu. Ndinkapemphera kuti bamboyu boma limusamutse ndisamuonenso. Koma ndamuona akugwa n'kudzuka, kugwa n'kudzuka. Ndatopa ndi kumukwiyira, iye asanatope ndi benchi lija."

Anakhala pansi, nachotsa buku lawo la nyimbo limene linali pambali pawo.

"Bwerani mukhale apa, aphunzitsi."

Kuchokera kumbuyo kufika pamenepo panali mabenchi asanu okha, koma a Fanwell anayenda ngati munthu wongotuluka m'chipatala. Buledi anadya bwinobwino. Chikho chitafika, manja awo ananjenjemera mpaka vinyo anayamba kugavira. A Janeth, osawayang'ana kumaso, anatambasula dzanja nachirikiza chikhocho kunsi kufikira atamwa.